Foloko Yomata ndi Kandulo

Ndinakwatiwa ndi munthu wothamanga pa njinga, ndipo zaka ziwiri zoyambirira ndinkayenda m'lokeshoni ya Sakubva monyada ngati wopalasayo ndinali ine. Inali nthawi ya Chitaganya, tauni yakeyo ikutchedwabe Umtali. Amuna anga ankagwira ntchito kunjanji, kushedi kumene ankatsuka ndi kuthira mafuta mitu ya sitima. Anapita ku Rodeshiya kalekale kuchokera kwathu ku Dedza, ndipo atapatsidwa nyumba ya chipinda chimodzi m'lokeshoni anabwera kumudzi kudzanditenga. Ndinasiya amayi, alongo anga ndi amalume, n'kupita kudziko kumene wanga anali munthu mmodzi yekha.

Njinga anali nazo ziwiri. Yakuntchito inali yakuda, yolemera, ya kaliyala, ndipo inkagona pakhonde. Yampikisano inkagona m'nyumba, yokolekedwa pa misomali iwiri pamwamba pa bedi. Inali yowonda ngati galu wa m'chilala, mahandulo opindikira pansi, yopanda mabuleki, yopanda belu, ndipo mapedulo ake sankalola mwendo kupuma: tayala likamazungulira, nawenso uzizungulira nalo. Ine ndinkaitcha mkazi mnzanga. Inkapukutidwa ndi nsalu yofewa kuposa chitenje changa chakutchalitchi, ndipo ndikaigunda ndi tsache ndinkafunsidwa ngati ndili ndi maso. Koma sindinkaida ayi. Mkazi mnzanga ameneyu ndiye ankandipatsa ulemu pampopi.

Mpikisano unkachitika Loweruka masana, pa njira yozungulira bwalo la mpira. Njirayo anaithira phulusa la malasha n'kulitsendera, ndipo pokhota anaikweza mbali imodzi ngati mbale yopendekeka. Kunkabwera othamanga a ku migodi ya ku Penhalonga, a m'mafamu, a m'masitolo a m'tauni. Masiku ena onse anzathu Achishona ankatitcha mabhurandaya, dzina lawo la ife obwera a ku Nyasalande, ndipo sankatero mofuna kutisangalatsa. Koma amuna anga akatulukira kutsogolo, msana utapindika, bwalo lonse linkakuwa kuti, "Chovha, mubhurandaya! Chovha!" kutanthauza kuti palasa. Tsiku lokhalo mawu aja ankanditsekemera.

Tsono panali mwambo. Tinali ndi mayi wachikulire wa kwathu komwe, amene ife akazi a ku Nyasalande tinkamutenga ngati namkungwi wathu, popeza eni ake tinawasiya kumudzi. Mwamuna wake anagwirapo ntchito pansi pa mgodi ku Penhalonga, ndipo mayiyo ankati moyo wa mwamuna amene ali pantchito yoopsa uli m'manja mwa mkazi wake. Mwamuna akakhala kuuzimba kapena pansi pa mgodi, mkazi akayenda ndi mwamuna wina, mwini nyumba amavulala. Njinga zitayamba kuthyola anthu mafupa, akuluakulu anangoziika m'gulu lomwelo. Choncho pakatsala masiku atatu kuti mpikisano uchitike, tinkadika. Ine ndinkayala mphasa pansi, iwo n'kugona pabedi ndi mkazi mnzanga uja pamwamba pawo. Sindinkaona ngati chilango. Akapambana ndinkadziuza mumtima kuti nanenso ndapalasa nawo.

Chaka chimenecho a khonsolo anayamba kukonza kanjira ka njinga zokha, m'mbali mwa msewu wochokera kulokeshoni kupita m'tauni. M'mawa njinga zinkatuluka m'Sakubva ngati ngumbi, choncho ena ankati atiganizira, ena ankati azungu atopa n'kuimba mahutala kumbuyo kwathu. Kaya zoona zinali ziti, kanjirako kanali kosalala, ka phula watsopano, ndipo amuna anga anakakonda kwambiri. Lamulungu m'mawa, anthu akukonzekera za kutchalitchi, iwo ankatsitsa njinga yampikisano n'kukathamanga kumeneko. Cha kutsogolo, kumene ntchito inali isanathe, ogwira ntchito anaika migolo iwiri ndi thabwa kuti anthu asapitirire. Munthu aliyense wamaso ankabwerera pamenepo. Anga analambalala migolo ija, osadziwa kuti kuseri kwake anakumba ngalande ya mapaipi.

Anafika kunyumba akukankha njinga, chigongono chitasupuka, nkhope ili gwa. Anatseka chitseko masana dzuwa likuswa mtengo, n'kundiitana kuti ndione. Pa foloko, chitsulo cha mphanda chija chogwira tayala lakutsogolo, pamwamba penipeni pamene miyendo yake imakumana, panali mng'alu wochepa ngati tsitsi. Ukakankha tayala, mng'aluwo unkayasamula pang'ono.

Mpikisano unali Loweruka lotsatira, ndipo sunali wamba. Wopambana akanasankhidwa kukathamanga ku Halale ndi akatswiri a dziko lonse. Foloko yatsopano ya njinga yotere sinkapezeka m'sitolo za ku Umtali, inkachita kuitanitsidwa, ndipo sikanafika m'masiku asanu ndi limodzi. Kuwotcherera kukanapsereza penti, chipsera n'kuonekera kutali. Komanso mzungu woyang'anira masewero m'lokeshoni ankayendera njinga iliyonse mpikisano usanayambe. Njinga yong'aluka ankaibweza, ndipo munthu wopezeka atabisa chilema ankamuchotsa pabwalo mpaka kalekale.

"Dikirani chaka chamawa, bambo," ndinatero. "Halale sathawa."

"Chaka chamawa miyendo idzakhala ya wina," anayankha. "Tandipatse kandulo ndi polishi wakuda uja."

Ndinawauza kuti kandulo sagwira chitsulo, ngakhale mwana akudziwa. Ndinawakumbutsanso kuti ndili ndi pathupi pa miyezi iwiri, nkhani imene tinkaidziwa awiri tokha, ndipo sindinkafuna kulera mwana wamasiye. Anaseka, n'kunena kuti ine ndimadziwa za mapoto, za njinga ndiwasiyire. Paja amati mwamuna sauzidwa. Ndinagwira njinga ndi manja anga awiriwa, iwo akudontheza phula la kandulo mumng'alu, kusalaza ndi mpeni, kupaka polishi, kupukuta mpaka pamalopo panawala. Kunena zoona, ntchitoyo inakongola. Ngakhale ine amene ndinkadziwa pamene panali mng'alu ndinachita kufunafuna.

Tinadika masiku atatu monga mwa nthawi zonse. Loweruka mzungu uja ananyamula njinga, anazunguza matayala, anakoka tcheni, n'kugwedeza mutu kuti ili bwino. Ine ndinakhala pamwamba pa chiunda ndi akazi anzanga, mtima uli m'mwamba. Anazungulira kambirimbiri popanda chovuta, mpaka ndinayamba kudzitonza kuti ndine wamantha. Belu lomaliza litalira anali kutsogolo, mnyamata wina wa ku Penhalonga ali pa tayala lawo. Pokhota pomaliza anaimirira pa mapedulo n'kutsamira kutsogolo ndi mphamvu zonse. Ndinangoona tayala lakutsogolo likupita kwina, iwo akuuluka pamwamba pa mahandulo. Wa ku Penhalonga uja anawomba njingayo, nayenso n'kugwa. Fumbi litatha, onse awiri anali gone.

Amuna anga anathyoka fupa la m'phewa, anaguluka mano awiri, ndipo tsaya limodzi linadzaza phulusa la malasha. Mnzawoyo anathyoka mwendo. Anzawo anatolera zidutswa za njinga m'thumba n'kudzazisiya kunyumba. Palibe amene anadabwa kuti foloko yathyoka, pakuti aliyense ankaganiza kuti yathyoka chifukwa cha kugwako. M'mawa mwake nditapita kuchipatala ndi phala, mawu awo oyamba, pakamwa pali potupa, sanali ofunsa za ine kapena za pathupi. Anandinong'oneza kuti, "Foloko ija ukaitaye. Wina akaiona bwino apezamo kandulo." Ndinathamanga ngati wotumidwa ndi mfumu. Ndinaikulunga m'chiguduli, ndinaiika pansi pa zochapa, n'kukaiponya padziwe lakuya la mtsinje wa kuseri kwa lokeshoni. Ndinabwerako ndikudziona ngati mkazi wabwino kwambiri mu Umtali monse.

Sabata isanathe, pampopi panayamba kuzizira. Ndikafika, nkhani inkaduka. Mayi wina amene tinkabwerekana mchere ndi lichero anayamba kuyang'ana kumbali. Funso linali limodzi m'nyumba zonse za anthu a kwathu: munthu amene sanagwepo chiyambire, pamalo osalala, popanda womugunda, njinga itayenderedwa ndi mzungu, wagwa bwanji? Amuna anga atatuluka m'chipatala, phewa linakhalabe lotupa, ndipo ankabuula akamatembenuka. Zimenezi zinangothira mafuta pamoto. Anthu ankati fupa silingalumikizane mkazi asanaulule.

Anabwera Lamulungu masana, titaweruka kutchalitchi: mayi wachikulire uja ndi ankhoswe athu awiri. Ankhoswewo sanali abale athu enieni, anali anthu a kunjanji ochokera cha kwathu amene anavomera kutiimira. Amuna anakhala pa mipando, mayi pamphasa, ine pansi pafupi ndi chitseko. Sindinkaopa n'komwe. Ndinkadziwa kuti m'nyumbamo muli munthu mmodzi amene ndi mawu awiri okha athetsa zonse.

"Iwe mwana," anatero mayi aja, "ife sitinabwere kudzakumenya. Mwamuna wako akuvutika. Ngati unapunthwa, nena, timupezere mankhwala."

"Amayi, sindinayendepo ndi mwamuna wina chibadwire," ndinayankha. "Afunseni eni akewo chimene chinawagwetsa."

Nkhoswe wamkulu anatembenuka. "Achimwene, tiuzeni inuyo. Kodi njinga ija inali ndi vuto?"

Ndinawayang'ana m'maso amuna anga. Iwo anayang'ana misomali iwiri ija ya pakhoma. Kenako anati, "Njinga inalibe vuto. Ngakhale mzungu anaiona."

Ndinaimirira, chinthu chosayenera pamaso pa akuluakulu, n'kunena zonse: migolo, ngalande, mng'alu, kandulo, polishi. Nkhoswe anafunsa modekha kuti folokoyo ili kuti, aione. Ndinati ndinakaitaya kumtsinje. Anafunsa kuti ndinaitayiranji. Ndinati anandituma ndi iwowa. Amuna anga anapukusa mutu pang'onopang'ono ngati munthu womvera chisoni wodwala misala. Mayi aja anausa moyo n'kunena kuti mkazi wogwidwa amagwira chilichonse, ngakhale chitsulo. Anandipatsa sabata imodzi kuti ndiganize, ndipo ndikapanda kuulula adzalembera amalume kumudzi kuti adzanditenge.

Atangotuluka, ndinawatukwana amuna anga mawu amene sindingalembe pano. Ndinaphwanya mbale ziwiri. Nditatopa, iwo anagwada pansi ndi dzanja lawo lomangidwa lija. Chikwatirane sindinawaonepo atagwada.

"Mkazi wanga, ndimvere," anatero. "Zikadziwika, pabwalo andichotsa. Abale a mnyamata wothyoka mwendo uja abwera pakhomo pano. Nkhani ikafika kushedi, ntchito yatha, nyumba ino atilanda. Iwe ungotchula munthu, andimwetse mankhwala awo, zithe. Mwezi umodzi anthu aiwala."

"Nditchule ndani, poti palibe?"

Anali ataganiza kale. Panali bambo wina wa cha ku Beira amene ankabwera pa sitima kudzagulitsa bakayawo, nsomba zouma zamchere zija, akuyenda khomo ndi khomo. Anadutsa m'lokeshoni sabata ya mpikisano, ndipo zinkamveka kuti wasiya malondawo, sadzabweranso. Dzina lake palibe ankalidziwa. Ine ndinagulako kawiri kokha, ndipo chimene ndinkakumbukira pa munthuyo chinali chipewa chong'ambika ndi fungo.

"Nanga mwana ali m'mimbayu?" ndinafunsa.

"Mwana ndi wanga. Ndani angandiuze zina? Ine ndikudziwa, iwe ukudziwa, Mulungu akudziwa. Enawo ndi mphepo chabe."

Anthu amene amamva nkhaniyi lero amandifunsa kuti ndinavomereranji. Amafunsa atakhala pakati pa abale awo. Ine ndinali ndi zaka zochepa, ndili ndi pathupi, m'dziko la eni, Chishona chake chongogulira tomato. Kukana kunali kubwezedwa kumudzi ndi kalata yoti ndine wachigololo, dzina lomwelo, koma wopanda mwamuna. Kuvomera kunali kusenza dzinalo ndi munthu mmodzi pambali panga wodziwa kuti ndi bodza. Ndinasankha kukhala ndi mboni yanga. Ndinkawakondanso, ndisaname, ndipo kugwada kuja kunandifoola.

Lamulungu lotsatira ndinagwada pamphasa pamaso pa anthu omwe aja, n'kunena kuti ndinayenda ndi wa bakayawo. Mayi aja sanakhutire msanga. Anafuna kudziwa kuti kangati, kuti, tsiku liti. Ndinapeka zonse ndikulira, ndipo misozi yanga anaitenga ngati kulapa. Anasakaniza mankhwala m'chikho, ndinayamba kumwa ine, amuna anga n'kumaliza, otsala anawapaka paphewa. Nkhoswe wamkulu atafunsa ngati akundisiya, amuna anga anayankha ndi mawu onjenjemera kuti, "Ndamukhululukira. Ndi mwana, tauni yamusokoneza." Ankhoswe anawagwira chanza. Mayi aja anandiuza kuti ndithokoze Mulungu, amuna otere ndi osowa.

Fupa linalumikizana, monga mafupa amachitira nthawi yake ikakwana, ndipo aliyense anati waona, akangoulula zimatheka. Chimene chinandipweteka koposa sikunali kunyozedwa, koma chifundo. Akazi aja anayambanso kundilankhula pampopi, mwaulemu wa anthu oyera polankhula ndi wochimwa. Kutchalitchi anandiimitsa mgonero. Pamsika atsikana ankafunsana mokweza ndikamadutsa kuti kodi bakayawo wafika, kenako kuseka m'manja. Pathupi pataonekera, ndinkaona milomo ya amayi ikuwerenga miyezi chamumtima. Ndikafika kunyumba ndinkawauza amuna anga, iwo n'kunena kuti ndipirire, zitha.

Foloko yatsopano inafika, njinga inakonzedwa. Anabwerera pabwalo, ndipo anthu anawalandira ngati munthu wouka kwa akufa, wolakwiridwa ndi mkazi koma wamtima wabwino. Mwayi wa ku Halale unabweranso miyezi ingapo pambuyo pake, anapita, anabwerako ndi chikho chaching'ono chimene anachiika pawindo. Mnyamata wa ku Penhalonga uja sanathamangenso, ankayenda motsimphina, ndipo mkazi wake akandiona ankalavula. Kanjira ka njinga kaja kanatha, kanafika mpaka kumafakitale, ndipo ine ndinkayenda m'mphepete mwake popita kusikelo, mabelu akulira kumbuyo kwanga. Pamalo pamene panali ngalande anakwirira bwinobwino n'kuthira phula.

M'nyumba namo munayamba kukwiririka chimodzimodzi. Poyamba, tikakhala awiri, ankandigwira dzanja n'kunena kuti sadzaiwala zimene ndinawachitira. Kenako anasiya kuzitchula. Tsiku lina ndiwo zitapserera ndinawamva akung'ung'udza kuti munthu wokhululukidwa amayenera kusamala. Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Tsiku lina ndinatchula za foloko, iwo anakwinya nkhope n'kunena kuti kang'alu kakang'ono ngati kaja sikakanagwetsa munthu, njinga zambiri zimathamanga nako. Ndinawafunsa kuti nanga chinawagwetsa n'chiyani. Anatenga pampu n'kutuluka panja.

Mwana anabadwa nyengo yozizira, wamkazi, wathanzi, wa tsitsi lambiri. Ndinakhala m'chikuta mpaka mchombo unagwa, mayi wachikulire uja akundisamalira, ndipo pa zimenezo sindingamunenere zoipa. Tsiku lotuluka, m'mawa dzuwa litangofunda, anasonkhana pakhomo anthu ochepa a kwathu. Anamumeta mwana, anamusambitsa, n'kumukulunga m'nsalu yatsopano. Mwa mwambo wathu dzina la mwana woyamba limachokera kuchimuna, ndipo popeza kunalibe mlongo wawo kapena mayi awo, anayenera kutchula iwo eni. Ndinali nditadikira tsiku limeneli miyezi yonse ija. Ndinkadziuza kuti akamunyamula pamaso pa anthu n'kumutcha dzina la mayi awo, monga tinapanganirana kalekale, pakamwa pa lokeshoni yonse patsekeka.

Mayi aja anawapatsira mwana m'manja. "Nayu mlendo wanu, bambo. Tiuzeni, ndani ameneyu?"

Anamulandira bwino, ndi manja awiri. Kenako anafunyulula nsalu. Anayang'ana mphuno. Anapotoza kamutu pang'ono kuti aone khutu. Anatambasula tizala n'kutiyerekeza ndi zala zawo. Wina anatsokomola.

"Dzina lisafulumire," anatero. "Tiyambe taona nkhope ikakhwima."

Ndikanati ankachitira anthu, kuti bodza lathu lioneke loona, mwina ndikanapeza pokhululukira. Koma nkhope ya munthu ameneyu ndinkaidziwa. Ndinaiona akunamiza mzungu pabwalo, ndinaiona akunamiza ankhoswe, ndinaiona akundikhululukira tchimo limene anandipekera yekha. Tsiku limeneli sankanamiza aliyense. Munthu amene anasankha yekha wa bakayawo uja, atagwada pansi m'nyumba mwathu, ankamufunafuna ndi mtima wonse pankhope ya mwana wake.

Ndinadzuka, ndinamutenga mwana m'manja mwawo, ndinamukulunganso. Dzina ndinamutcha ndekha, la amayi anga, ndili chiimire pakhomo pomwepo.